Loko Wachitatu

Kuntchito onse ankamuitana kuti a Maloko, ndipo iye ankavomera osakwiya, poti ankadziwa kumene dzinalo linachokera. Njinga yake yoyamba anamubera masanasana dzuwa likuswa mtengo. Anangoiyedzeka pakhomo pa sitolo ya mankhwala, poganiza kuti alowa n'kutuluka, koma potuluka anapeza khoma lokhalokha. Tsiku limenelo anayenda wapansi mpaka kunyumba, mankhwala a chifuwa cha mwana ali m'manja, akucheukira njinga iliyonse yodutsa ngati munthu wozungulira mutu.

Yachiwiri anagula yakale, kuseri kwa msika, kwa bambo wina amene ankagulitsa njinga zokonzedwanso pansi pa chisakasa cha malata. Inali yakuda, yolemera, yoti ngakhale thumba la simenti inkanyamula osadandaula. Kuyambira tsiku limenelo Maloko anasanduka m'busa wa njinga. Anagula unyolo wokhuthala ngati womangira ng'ombe, umene ankaupisa pa felemu ndi pa tayala lakumbuyo n'kuukulunga pa chitsulo. Loko wachiwiri ankamanga naye tayala lakutsogolo. Sankalola kuti loko agunde pansi, chifukwa ankati akuba amangotsamiritsa pamwala n'kuphwanya ndi hamala. Belu, pampu ndi nyale ankachotsa n'kulonga m'chikwama. Madigadi otchinga matope anawapaka utoto wobiriwira wonyansa, kuti aliyense woiona aziti mwini wake ndi wovutika.

"Bambo a mwana, njingayi mwaikwatira kapena?" mkazi wake anamufunsa tsiku lina. "Ine simunandimangirepo ngakhale loko mmodzi."

"Inu akakubani adzabwera nanu okha kudzapepesa," anayankha Maloko, n'kuzinda chipande cha ndiwo chimene chinaulukira kumene anali.

Ankagwira ntchito yosoka ndi kumata mabuku pa kampani ina yosindikiza, pansanjika yachitatu ya nyumba yakale ya makwerero amdima. M'chipindamo munkanunkha guluu ndi inki chaka chonse. Kunja kwa geti kunali mzati wachitsulo wa nyale ya mumsewu imene inasiya kuyaka kalekale, wozikika m'simenti, pamalo odutsa anthu ambiri ndiponso pamaso penipeni pa alonda. Apo ndi pamene ankamangirira njinga. Sanachite kuwafunafuna malowo. Tsiku loyamba anangotsika nayo pamtsetse, njingayo n'kukaima yokha pa mzatiwo. Poiyedzeka anaona kuti pamene felemu inali yokalika panakumana ndendende ndi pamene mzati unali wonyulika utoto. Anangoti zangochitika, n'kukwera kuntchito.

Ali pa benchi lake, akasuzumira pazenera ankaona tayala lakutsogolo ndi theka la handulo basi. Kwinako kunkabisika ndi denga la kanyumba ka alonda. Komabe zimenezo zinkamukwanira. Ankasoka tsamba, kusuzumira, kusoka lina.

Zachilendo zinayamba Lolemba lina poweruka. Anamasula maloko ake onse awiri, ali bwinobwino monga anawasiyira, n'kukwera. Atangopalasa kamodzi, mawondo anagunda handulo. Chishalo chinali chitatsitsidwa mpaka pansi. Anatsika n'kuchigwedeza, poganiza kuti chakhwepa chokha, koma ayi, nati inali yomangidwa gwa, ndipo inali yonyowa ndi mafuta atsopano.

Kunyumba anachikweza. Mawa lake poweruka anachipezanso chili pansi.

Lachitatu anapeza zoposa pamenepo. Fumbi lonse linali litapukutidwa, matayala atapopedwa, ndipo utoto wake wobiriwira uja wina anali atayamba kuupala ndi chikhadabo kapena kampeni, pang'onopang'ono, mosamala, mpaka kuda kwakale kukuonekera.

"Alonda, ndani akumagwira njinga yangayi?"

Alonda anali bambo onenepa, okonda wailesi. Anaitsitsa mawu n'kupukusa mutu. "Ine sindinaone munthu, a Maloko. Kungoti nthawi ya nkhomaliro ndimaoloka msewu kukadya. Koma sindichedwa."

M'chipinda chogwiriramo ntchito munali mayi wina woyendetsa makina odulira mapepala, amene ankamutchula kuti a Lumo chifukwa cha makinawo komanso chifukwa cha lilime lake. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mbava yanuyo ndi yoleredwa bwino," anatero. "Ikuyamba kaye yayesa saizi, yapukuta, yapopa. Mawa muipeza itakuikirani maluwa."

Onse anaseka, Maloko nayenso anaonetsa mano, koma mumtima munalibe chiseko. Wakuba amachotsa, saonjezera. Lachinayi sanadye nkhomaliro. Anakhala pazenera maso ali pa tayala lija, mpaka abwana atamuitana kuti akaone mabuku amene anamatidwa mozondoka. Sanathe mphindi khumi. Pobwerera anaona handulo ikugwedezeka pang'ono, ngati wina wangoisiya kumene. Anatsika makwerero awiriawiri, koma anapeza anthu akungodutsa, aliyense ndi ulendo wake. Chishalo chinali pansi. Atachigwira chinali chofunda.

Lachisanu poweruka anapeza maloko atatu.

Wachitatuyo anali wakale, wadzimbiri, wolendewera pa kaunyolo kowonda kovekedwa chidutswa cha chubu kuti kasakale utoto. Kanazungulira felemu ndi mzati, pamwamba pa unyolo wake waukulu uja. Maloko anaima kakasi, makiyi ake ali m'manja. Anayesa kiyi woyamba, anayesa wachiwiri, ngakhale ankadziwa kuti n'zopanda nzeru.

Alonda anabwera n'kuwerama, ndipo nkhope yawo inasintha. "Izi ndinazimvapo. Amakumangira loko wawo kuti ulephere kuitenga, uisiye igone pano. Anthu akabalalika amabwera ndi zida n'kudula zonse mosathamanga. Musaisiye, a Maloko. Galu wamkota sakandira pachabe."

Maloko anathamangira kwa owotcherera zitsulo a kuseri kwa nyumbayo n'kubwereka sowo. Pobwerera dzuwa linali litapendeka, masitolo akutsitsa zitseko zawo zamalata. Anagwada n'kuyamba kucheka. Kaunyoloko kanali kolimba kuposa maonekedwe ake, ndipo kulira kwa sowo kunkamveka msewu wonse. Ali mkati mocheka anamva kuzizira kumsana, kuja munthu amamva wina akamuyang'anitsitsa. Anadzutsa mutu. Tsidya la msewu, pakhonde la sitolo yotseka, panaima bambo wachikulire, wowonda, wovala jekete lakuda, chipewa atachigwirira pachifuwa ngati ali pamaliro. Sankaphethira. Sankaoneka wokwiya. Ankangoyang'ana sowoyo ngati ikucheka iyeyo.

Basi inadutsa pakati pawo. Itapita, pakhondepo panali mbee.

Kaunyolo kanaduka. Maloko anakasiya pomwepo pansi pa mzati, n'kupalasa mawondo akugunda handulo, osafuna kuima kuti akweze chishalo.

Mkazi wake atamva zonse sanachite nthabwala. "Musakaimikenso pamenepo," anatero. "Mzati suli umodzi m'tauni."

Lolemba anakaimanga misewu iwiri kutali, pa zitsulo za mpanda wa positi ofesi, n'kuyenda wapansi kotsalako. M'mawa wonse ntchito inayenda bwino. Itakwana nkhomaliro, mwachizolowezi chabe, anasuzumira pazenera. Pa mzati panalibe njinga, koma panali munthu. Anali bambo a jekete lakuda aja. Anaima pafupi ndi mzatiwo, dzanja lili m'malere pamsinkhu wa chishalo, akulisuntha uku ndi uku ngati akupukuta chinthu chimene iwo okha ankachiona.

Tsitsi la Maloko linaima. Komabe anaika singano pansi n'kutsika. Panthawiyi sanathamange.

Asanatsegule pakamwa, bambowo anatembenuka. Pafupi ankaoneka aukhondo, ometa bwino, kolala yochita kusita, koma maso awo anali ofiira ngati a munthu amene tulo anasiyana nato kalekale.

"Mwapita nayo kuti, mwanawe?" anafunsa motsitsa mawu. "Akabwera aipeza kuti?"

"Ndani, bambo?"

"Mwana wanga. Mwini wake."

"Njingayo ndi yanga. Ndinagula."

"Sindikukana kuti munagula." Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kasipanala, kabotolo ka mafuta, kenako kapepala kokulungidwa m'pulasitiki. "Chishalo ndimatsitsa ndine, pepani. Iye ndi wamfupi, anatengera mayi ake. Inu mukachikweza chonchija, akabwera avutika kukwera."

Kapepalako kanali lisiti la sitolo, lakale, lothothoka m'mapindiro, koma manambala ankawerengeka. Maloko anawatsogolera mpaka ku positi ofesi, anamasula maloko, n'kuigadabuza njingayo matayala m'mwamba. Kunsi kwa felemu, pakati pa zopalasira, anapala dothi ndi kiyi. Bambowo ankawerenga za papepala mokweza, iye akutsatira ndi chala pa chitsulo. Nambala iliyonse inagwirizana, mpaka yomaliza.

Maloko anakhala pansi pa simenti. Bambowo anakhala pambali pake n'kuyamba kufotokoza, mawu awo ali phee ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

Mwana wawo anali bambo wa zaka makumi atatu, ndipo ankagwira ntchito yoperekera makalata mu ofesi ina ya pansanjika yachiwiri ya nyumba yomweyo. Njingayo ankaimangirira pa mzati womwewo tsiku ndi tsiku. Zaka zinayi zapitazo, masana ena kukugwa mvula yowaza, anatsika n'kupeza anthu awiri atadula kale unyolo, mmodzi akukwera. Anakuwa n'kuwathamangira. Ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu anamuona akukhota pakona kulowera kumsika, makalata ali m'manja. Kuchokera pamenepo palibe anamuonanso. Anafufuza kupolisi, m'zipatala, mosungira mitembo, ngakhale m'ngalande. Sanapeze ngakhale nsapato.

"Ndinkabwera pa mzatipo mwa apo ndi apo, kungoima," anatero bambowo. "Ndiye tsiku lina ndikufika, ndikuiona ili pamalo pake, yoyedzekedwa mmene ankaiyedzekera iye. Inu munadziwa bwanji kuti malo ake ndi amenewo?"

Maloko anakumbukira za mtsetse uja, ndi pokalika paja. "Sindinadziwe, bambo."

"Eya. Ndiye kuti inabwera yokha. Njinga yafika, mwini wake ali m'njira. Loko uja ndi wake, ndinamutola pansi tsiku lomwe anasowa. Ndinangofuna kuti isachokenso."

Atabwerera kuntchito anafunsa a Lumo ngati ankamudziwa munthu wotero. Mayiyo anazimitsa makina.

"Wamfupi uja? Woimba mluzu pamakwerero?" Anayang'ana kuzenera, kenako kwa Maloko. "Musandiuze kuti njinga ija..." Sanamalize, ndipo tsiku lonselo sanasekenso munthu.

Mawa lake Maloko anapempha chilolezo n'kupita ndi bambowo kuseri kwa msika. Chisakasa cha malata chinalipo, koma pansi pake panali mayi wogulitsa ndowa ndi mabeseni. Atamufunsa za wogulitsa njinga, mayiyo anayamba kusanja ndowa zimene zinali zosanjika kale.

"Kuno sikunakhaleko wa njinga," anatero osadzutsa mutu.

"Mayi, ndinagula pompano chaka chathachi."

"Ndati sikunakhaleko. Mukufuna ndowa?"

Oyandikana naye onse anali atatembenukira kumbali. Kupolisi analemba zonse m'buku lalikulu, anayerekeza lisiti ndi felemu, n'kunena kuti njingayo ndi ya banja la bambowo, aitenge. Za wogulitsa uja anati afufuza.

Kunja Maloko anawapatsa handulo. "Tengani, bambo. Ine sindingaikwerenso."

Bambowo anabweza manja kumbuyo. "Kunyumba ayi. Iye anaisiya pa mzati, adzaifunira pa mzati. Tiyeni tikaibwezere."

Maloko anayesa kuwauza kuti njinga yogona panja m'tauni siitha sabata, kuti ayamba ndi matayala n'kumalizira chishalo, koma anali ngati akulankhula ndi khoma. Pomaliza anaikankha mpaka pageti n'kuimanga mmene ankadziwira: unyolo waukulu pa felemu ndi tayala lakumbuyo, loko wachiwiri kutsogolo, zonse zitakwezedwa kuti zisagunde pansi. Makiyi anasunga yekha. Bambowo anaonjezera kaunyolo kawo kaja, atakalumikiza ndi waya podukapo.

Kuyambira pamenepo Maloko ankakwera minibasi, kapena kuyenda wapansi. Njinga inakhala pa mzati masabata atatu, padzuwa ndi pamvula, ndipo chodabwitsa n'chakuti palibe anaikhudza ngakhale nati imodzi. Alonda anati ngakhale anyamata aja ozolowera kuyendayenda pageti ankailambalala. Nthawi ya nkhomaliro iliyonse bambo aja ankabwera ndi kansanza, kupukuta, kudina matayala ndi chala, n'kuima pang'ono akuyang'ana kukona ya kumsika. Sabata yachitatu sanabwere. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, zii.

Lachinayi m'mawa kunagwa nkhungu yoti munthu sankaona tsidya la msewu. Maloko atayandikira geti anaona alonda ataima panja, wailesi ili yozimitsa.

"A Maloko, ndinu mwaitenga?"

Pa mzati panalibe njinga. Unyolo waukulu unali pompo, utazungulira mzati, loko wake ali wotseka. Loko wachiwiri anali wotsekanso, atakolekedwa pa unyolowo. Kaunyolo ka dzimbiri nakonso kanali chimodzimodzi, waya uja osamasulidwa. Maloko anagwada n'kufufuza mphete imodziimodzi. Panalibe podulidwa, panalibe popindika, pansi panalibe ngakhale fumbi la chitsulo. Anapisa dzanja m'thumba. Makiyi onse awiri anali momwemo.

"Mnzanga amene ndasinthana naye akulumbira kuti kukucha inalipo," anatero alonda. "Ine ndangolowa kukavala yunifolomu, potuluka ndi izi."

Maloko sanakwere kuntchito. Ankakumbukira dera ndi nambala ya nyumba zimene bambowo anatchula kupolisi, ndipo anaona kuti ndi bwino akawauze yekha asanadzaone okha mzati wopanda kanthu. Anakwera minibasi ziwiri, n'kufunsira njira kawiri. Inali nyumba yaing'ono ya njerwa, ya mpanda wamaluwa osadulira. Anaodira, ndipo kunatuluka mayi wa msinkhu wake, wamfupi, manja ali ndi thovu la sopo.

"Ndine amene ndinagula njinga ija," anatero Maloko. "Ndabwera ndi uthenga woipa."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapatuka pakhomo kuti aone mkati. M'kanjira kolowera kuzipinda, itayedzekedwa kukhoma, munali njingayo. Matayala anali ndi matope ofiira osauma, ndipo mzere wa matopewo unayambira pakhomo.

"Ndimayesa mwabweretsa ndinu," anatero mayiyo monong'ona. "Ndinangopita kukataya zinyalala, chitseko ndinasiya chotsegula. Pobwera ndaipeza pamenepo. Bambo anga sanatuluke m'nyumba muno sabata yonseyi, miyendo yatupa. Kubafa komwe ndikuchita kuwagwira."

"Kodi kwabwera alendo?" Anali mawu a bambo aja, ochokera pabalaza, amphamvu ndi osangalala moti Maloko sanawazindikire msanga. Anasuzumira. Anali pampando, miyendo yotupa itasanjikidwa pa kampando kena, nkhope ikuwala.

"Ndi inu, mwanawe! Lowani, lowani. Wafika. Watopa kwambiri, ndiye wayamba wagona kaye kuchipinda kwake. Musakweze mawu. Akadzuka mudzaonane, ndamuuza kuti munaisamala bwino."

Chitseko cha kumapeto kwa kanjirako chinali chotseka. Pansi pake panali mbale yovundikira ndi kapu ya madzi.

"Ndikuthamangira kuntchito, bambo," anatero Maloko. "Ndidzabwera tsiku lina."

Mayi uja anamuperekeza mpaka kumpanda, akupukuta manja pa nsalu yake ngakhale anali atauma kale.

"Achimwene anga mulibe m'chipindamo," anatero. "Ndalowamo kawiri. Ndayang'ana mpaka kunsi kwa bedi." Anacheukira kunyumba. "Koma bedilo ndinayala ndekha mwezi watha, ndipo lero lili ngati pagona munthu. Chonde, itengeni njingayi. Ndikuthandizani kuitulutsa bambo asakuona."

Maloko anayang'ana kukhomo kuja, kumene kunkaonekera kansonga ka tayala lakumbuyo.

"Pepani, chemwali," anatero. "Si yanga."

Anachoka osacheuka, ndipo kunyumba anangouza mkazi wake kuti njinga yabwerera kwa eni ake.

Patapita miyezi iwiri anakumana ndi mayi uja pamalo okwerera basi, atanyamula chikwama chachikulu cha zovala. Anapatsana moni, ndipo Maloko anafunsa za bambo.

"Ali bwino kuposa kale," anayankha mayiyo. "Miyendo inaphwa, akudya, anenepa. Masana amakhala m'chipinda chija chitseko chotseka, akucheza ndi kuseka." Anasinthira chikwamacho kudzanja lina. "Ine ndikupita kukakhala kwa azakhali. Ndiziwabweretsera chakudya m'mawa n'kubwerera kusanade."

"Mwatopa ndi kuwamva akulankhula okha?"

"Akanakhala kuti akulankhula okha ndikanapirira, achimwene," anatero mayiyo. "Koma amasiya mpata woti wina ayankhe. Ndipo dzana ndili kukhitchini ndinayamba kudikira nawo yankholo."

Basi yake inafika. Maloko anamuthandiza kukweza chikwama, n'kuima pomwepo mpaka basiyo itakhota.